Musanati “ndi zachizungu”, kaonereni kaye filimuyo

Pali mawu awiri amene amatseka mkangano uliwonse pa sukulu pano ukangokhudza amuna okonda amuna anzawo kapena akazi okonda akazi anzawo: “ndi zachizungu.” Munthu akatero amaona ngati wamaliza, amatola kope lake n’kumapita. Ine mawuwa andikwana. Umboni wowatsutsa sindiutenga m’malipoti a mabungwe, poti amenewo mudzati analembedwa ndi ndalama za azungu omwewo. Ndiutenga m’mafilimu aafupi, a mphindi 10, 20 kapena 30, opangidwa ndi anthu akuda ofotokoza za moyo wawo womwe. Ambiri amene amawanyoza sanaonerepo ngakhale imodzi.

Tiyambire ku Nairobi. Mu 2013 gulu la aluso lotchedwa The Nest Collective linayamba kuyenda m’madera a Kenya n’kumajambula mawu a anthu otere akusimba zimene anakumana nazo. Pa nkhani zambirimbiri zimene anatolera anasankhapo zina n’kupanga timafilimu tisanu, ndipo anatiphatikiza pansi pa dzina lakuti Stories of Our Lives. Wotsogolera anali Jim Chuchu. Anajambula zopanda mitundu, zakuda ndi zoyera basi, ndi kamera yaing’ono, pa ndalama zokwana madola 15,000 okha. Ku Hollywood ndalama imeneyo singakwanire ngakhale chakudya cha ojambula.

Kamene kamandikhudza kwambiri ndi kotchedwa Athman. Anyamata awiri, Ray ndi Athman, amagwira ntchito pa famu imodzi ndipo akhala pa chinzake kwa zaka. Ray amam’konda mnzakeyo, kum’konda kwenikweni. Athman akudziwa, samunyoza, samumenya, samuulula kwa anthu, koma mtima wake uli pa mtsikana wina. Ray akupempha chinthu chimodzi chokha, kuti am’psompsone, ndipo Athman akuchokapo. Mawa lake akulankhulananso bwinobwino, koma Ray waona kuti sangapitirize kudzuka m’mawa uliwonse pafupi ndi munthu amene sadzakhala wake, choncho akuchoka pa famupo. Nkhani yathera pomwepo. Tsopano ndiuzeni: chachizungu n’chiyani pamenepa? Famuyo? Nsanjeyo? Kukanidwako? Aliyense amene anakondapo munthu wosam’konda akudziwa ululu umenewu, ndipo sanachite kuuphunzira ku London. Kena, Ask Me Nicely, n’ka atsikana awiri a ku sekondale amene akuluakulu a sukulu akuwalekanitsa. Mzungu akuoneka mu kena kotchedwa Duet, ndipo kumeneko ndi munthu amene Mkenya wam’lipira kuti abwere kuchipinda chake cha hotelo. Wolamula zinthu si iyeyo.

Filimuyi inaonetsedwa koyamba ku Toronto mu September 2014. Mwezi wotsatira bungwe la boma loona za mafilimu, Kenya Film Classification Board, linailetsa ponena kuti ndi yolaula komanso ikulimbikitsa khalidwe losemphana ndi chikhalidwe cha dziko. George Gachara, mmodzi wa akuluakulu a gululo, anamangidwa pomuimba mlandu wojambula opanda chilolezo. Mu 2015 filimuyo inalandira mphotho ku Berlin. Apa ndi pamene anzanga ena amadumphira: mwaona, Toronto, Berlin, si azungu amenewo? Koma taganizani kaye. Mwatsekera mwana kunja, wakagona kwa aneba, ndiye m’mawa mukuti ndi mwana wa aneba. Akenya anasimba, Akenya analemba, Akenya anasewera m’Chiswahili ndi m’Chingerezi cha m’misewu ya kwawo, kenako boma la Kenya linaonetsetsa kuti anthu okhawo osaloledwa kuonera akhale Akenya.

Chimene onena za “chizungu” sadziwa n’chakuti ku America komweko mafilimu amenewa anabadwa polimbana ndi azungu, a mbali zonse ziwiri. Marlon Riggs, mphunzitsi wa utolankhani ku Berkeley, anatulutsa Tongues Untied mu 1989. Ndi ya mphindi 55, yotalikirapo kuposa zimene ambiri amati filimu yaifupi, koma inatsatiridwa ndi tiwiri tating’ono, Affirmations mu 1990 ndi Anthem mu 1991. Mbali ina ya Tongues Untied ikunena za mmene Riggs anapitira ku Castro, dera la San Francisco lotchuka ndi amuna okondana okhaokha, akuyembekeza kuti wafika kwawo, n’kupeza kuti azungu a kumeneko samuona ngati munthu koma ngati chidole cha zilakolako zawo. Kwa akuda anzake anali chochititsa manyazi, kwa azungu okhala ngati iye anali mlendo. Filimuyo itakonzedwa kuti ionetsedwe pa PBS mu 1991, nyumba zambiri za wailesi yakanema zinakana kuiulutsa. Mu 1992 Pat Buchanan, pofuna kupikisana ndi George H. W. Bush, anadula zidutswa za filimuyo n’kuziika mu uthenga wa kampeni, ati taonani zonyansa zimene boma likuthandiza ndi misonkho yanu. Riggs anamwalira ndi Edzi mu 1994 ali ndi zaka 37. Ngati imeneyi inali ntchito yotumidwa ndi azungu, ndiye kuti otumawo analandira mtumiki wawo modabwitsa.

Cheryl Dunye anabadwira ku Liberia n’kukulira ku Philadelphia. Kafilimu kake ka 1990, Janine, ndi iye mwini atakhala kutsogolo kwa kamera n’kumafotokoza za mtsikana wachizungu wa m’banja lolemera amene anali mnzake ku sekondale, ndi mmene ubwenziwo unkamuchititsira kudziona wochepa. Mu She Don’t Fade, ya 1991, munthu umaseka: mkazi wakuda akusakasaka chibwenzi, akulakwitsa, akuyambiranso. Palibe womwalira, palibe wolapa. Pofika 1996 Dunye anatulutsa filimu yaitali, The Watermelon Woman, ndipo nayonso aphungu ena a ku America anaidzudzula chifukwa inalandirako thandizo la boma. Dee Rees anadutsa njira yomweyo: Pariah, nkhani ya Alike, mtsikana wa zaka 17 amene amasintha zovala m’basi kuti mayi ake opemphera asaone mmene amavalira akakhala ndi anzake, inayamba ngati filimu yaifupi ya kusukulu mu 2007, yaitaliyo inabwera mu 2011.

Nanga n’chifukwa chiyani ambiri amayambira pa yaifupi? Ena amati ndi kuphunzira chabe, kuyeserera munthu asanapange filimu “yeniyeni”. Ine ndikukana. Filimu yaitali imafuna munthu wa ndalama, ndipo wa ndalama amafunsa kuti agula ndani. Imafuna kampani yoigawa, holo yoonetsera ndi chidindo cha boma. Pa khomo lililonse pamenepo pali wina amene angakuuze kuti sintha apa, chotsa apo, wonjezerapo munthu woyera kuti ya kunja igulike, kapena mupheni mtsikanayo kumapeto kuti oonera atengepo phunziro. Izi si zopeka. Mu 2018 Wanuri Kahiu anauzidwa ndi bungwe lija la ku Kenya kuti asinthe mathero a filimu yake yaitali, Rafiki, chifukwa ankapereka chiyembekezo. Atakana, anailetsa, mpaka khoti linachita kuitsegulira masiku 7 okha, ndipo anthu anadzaza maholo a ku Nairobi. Taonani bwino chimene chinawopsa akuluakuluwo: atsikana awiri osalangidwa. Filimu yaifupi imalambalala makomo onsewa. Imafuna kamera, anzako ochepa, chipinda chobwereka ndi masiku angapo. Ku Nigeria, kumene lamulo la 2014 limaika zaka 14 kundende kwa okwatirana amuna kapena akazi okhaokha, Uyaiedu Ikpe-Etim ndi Pamela Adie anapanga Ìfé, dzina lotanthauza chikondi m’Chiyoruba, yonena za akazi awiri amene akukhala limodzi masiku atatu. Akuluakulu oona za mafilimu atawaopseza, iwo anangoitulutsa pa intaneti mu December 2020. Ndiye kuti filimu yaifupi ndiyo imene ndalama za munthu wakunja zili ndi mphamvu yochepa kwambiri pa iyo. Amene mukufunafuna mawu a Mwafrika osasakaniza, ndi amenewo, koma ndi omwewonso mukuwatsekera makutu.

Sindikunena kuti zikondwerero za mafilimu za ku Ulaya zilibe zilakolako zawo. Zili nazo, ndipo zimandinyansa. Zimakonda Mwafrika wolira, wothawa, wothamangitsidwa ndi mudzi wonse, chifukwa nkhani yotero imapangitsa woonera wa ku Berlin kudzimva wotukuka. Akosua Adoma Owusu anapita nayo ku Berlin komweko mu 2016 Reluctantly Queer, ya mphindi 8, yomwe ndi kalata ya mnyamata wa ku Ghana wokhala ku America yopita kwa mayi ake. Mnyamatayo sakuthokoza America kuti yam’pulumutsa. Akudandaula za tsankho limene wakumana nalo kumeneko, ndipo chimene akuchifunitsitsa ndi chikondi cha mayi akewo. Opanga mafilimuwa akudziwa msampha wa zikondwererozo kuposa ife owanena.

Wina adzati chipembedzo changa sichilola. Ameneyo ndimamumva, ndipo tingakhale pansi n’kukambirana, chifukwa akunena zoona za chimene amakhulupirira. Koma asabise chikhulupiriro chake kuseri kwa mawu akuti chikhalidwe cha makolo. Gawo 162 la malamulo a milandu a ku Kenya ndi magawo 153 ndi 156 a kwathu kuno sanalembedwe ndi mafumu pabwalo. Anabwera ndi Angerezi, amene kwawo anayamba kuwachotsa mu 1967. Ngati tikusaka chachizungu m’nkhaniyi, chili m’buku la malamulo.

Kuno tinali ndi Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza. Anamangidwa kumapeto kwa 2009, anagamulidwa zaka 14 mu May 2010, ndipo patangopita masiku ochepa Bingu wa Mutharika anawakhululukira Ban Ki-moon atabwera m’dziko muno. Miyezi yonseyo aliyense analankhula: abusa, andale, akazembe, oyimba, oyitanira minibasi. Zithunzi zimene dziko linaona zinali za anthu awiri omangidwa maunyolo, khamu likuwakuwiza panja pa khoti ku Blantyre. Kamera inali m’manja mwa wina aliyense kupatula iwo. Tiwonge, amene ankadziona ndi kukhala ngati mkazi, nyuzipepala zapadziko lonse zinkangomutcha mwamuna, za kuno ndi za kunja zomwe. Akanakhala ndi mphindi 10 zakezake, mwina bwenzi tikudziwa kuti ankaphika chiyani, ankapemphera kuti, ankaopa chiyani usiku. Anasamukira ku South Africa tisanamufunse.

Choncho pempho langa kwa anzanga a m’magulu a zisudzo ndi a mafilimu pa sukulu pano, amene mumatha maola mukukangana za Tarantino: ikani Athman kapena Janine pa ndandanda ya zoonera teremu ino, ndipo muitanenso aja a “ndi zachizungu”. Akakhala mpaka kumapeto n’kunenabe zomwezo, atiuze mphindi yeniyeni imene anaona mzungu akulamula Ray kuti akonde Athman.