Kumwetulira sikudyedwa

Aliyense amene adadutsapo mu Area 47 mumzinda wa Lilongwe usiku wa Lachisanu akudziwa mmene kumakhalira. Kuyambira ku Bwandilo mpaka m'timisewu tam'kati, momwe nyumba zambiri zidasanduka malo ogona alendo, magalimoto amachita kuthinana, nyama ili pamoto, nyimbo zili m'mwamba.

Koma ikamakwana 11 koloko, alendo akamalowa m'zipinda zawo, pali gulu lina lomwe limatulukira pageti lakumbuyo, yunifomu ili m'jumbo, n'kuuyamba ulendo wapansi wa ku Mtandire kapena ku Mtsiliza. Amenewa ndi ophika, operekera zakudya, oyala mabedi ndi otsuka mbale.

Msuweni wanga adali m'gulu limeneli. Atalemba mayeso a Folomu 4 kumudzi, adabwera m'tauni n'kupeza ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ya mu Area 47, yomwe sinditchula dzina. Kumudzi kudali chimwemwe. Azakhali ankauza aliyense kuti mwana wawo akugwira ntchito kuhotela.

Adagwira zaka ziwiri popanda kalata iliyonse yosonyeza kuti adalembedwa ntchito. Nthawi yolowa inkadziwika, koma yoweruka inkadalira mlendo womaliza kudzuka pampando. Mlendo akathawa bilu, ndalamayo inkadulidwa kumalipiro ake. M'miyezi ya dzinja, misonkhano ikachepa, ankamuuza kuti akakhale kaye kunyumba adzamuimbira foni, ndipo masiku amenewo sankawerengedwa. Atatenga pakati adamuuzanso chimodzimodzi. Foniyo mpaka lero siidalire.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti alendo ankamuyamikira kwambiri kaamba ka nsangala zake. Komatu kumwetulira sikudyedwa, ndipo mwini nyumba ku Mtandire salandira nsangala m'malo mwa lendi.

Dziko lino timalitcha Warm Heart of Africa. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amatchula ntchito zokopa alendo ngati imodzi mwa njira zotukulira dziko. Timanyadira nyumba zikuluzikulu za ku City Centre monga Sunbird Capital, President Hotel ndi malo a misonkhano a BICC, komanso mahotela a m'mphepete mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi. Zonsezi n'zabwino. Koma mlendo akabwerera kwawo sakumbukira njerwa. Amakumbukira munthu amene adamulandira, amene adamuphikira chambo, amene adamuchapira malaya. Nanga munthu ameneyo ife timamukumbukira?

Tiyeni tione kaye za malipiro. Mu Januwale 2021 boma lidaika malipiro otsikitsitsa pa K50 000 pamwezi. Mu Febuluwale 2024 adakwera kufika pa K90 000, ndipo mu Juni 2025 adafika pa K126 000. Pongowerenga manambala, wina anganene kuti zinthu zikuyenda. Koma m'zaka zomwezo ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mayi aliyense amene amapita kumsika akudziwa zomwe zidachitika ndi mtengo wa sopo, mafuta ophikira ndi shuga.

Mukagawa K126 000 ija ndi masiku 26 ogwira ntchito pamwezi, mupeza pafupifupi K4 850 patsiku. M'malo ambiri odyera a ku Area 47, Area 43 kapena Area 10, mbale imodzi ya chakudya imaposa ndalama imeneyi kangapo. Ndiye kuti mtsikana amanyamula mbale imodzi m'manja mwake yomwe mtengo wake ndi thukuta lake la masiku angapo. Akaweruka usiku alibe ndalama ya kabaza, n'chifukwa chake amayenda pansi mumdima, foni itabisidwa m'zovala kuopa achifwamba.

Chodandaulitsa n'chakuti malamulo oteteza anthu otere alipo, ndipo si achilendo. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati wolemba ntchito apereke kalata yofotokoza za ntchitoyo, malipiro ndi maola ake pasanathe mwezi umodzi munthu atayamba. Limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo munthu asagwire masiku opitirira 6 otsatizana osapuma tsiku lathunthu. Maola owonjezera amalipidwa mtengo wa ola limodzi ndi theka, ndipo ukagwira pa tsiku lako lopuma kapena pa tchuthi cha boma, malipiro ake ndi owirikiza kawiri.

Lamulo lomweli limapereka tchuthi cha pachaka cha masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pasabata, ndi masiku 15 kwa ogwira masiku 5. Mayi woyembekezera ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata 8 akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Palinso lamulo la penshoni lomwe lidayamba mu 2011, loti bwana aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 nalo limaletsa kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere pamalo antchito, vuto lomwe atsikana ogwira m'mabala ndi m'zipinda za alendo amalidziwa bwino ngakhale salitchula.

Msuweni wanga sankadziwa chilichonse mwa zimenezi. Ine ndemwe, wophunzira mpaka kukoleji, ndidafunsa za kalata yake zinthu zitaipa kale. Pamenepa ndikudzidzudzula ndekha.

Tisaiwale mbali ina ya nkhaniyi. Eni malowa nawo ali ndi madandaulo omveka. Magetsi akazima amayatsa jenereta, ndipo mafuta ake nthawi zina amachita kugonera pamzere. Zinthu zambiri zogwiritsa ntchito amagula kunja pomwe ndalama zakunja zikusowa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika, ndege zidasiya kubwera, misonkhano idaimitsidwa, zipinda zidakhala zopanda anthu, ndipo ambiri adatsala ndi ngongole. Alipo eni malo amene amalipira bwino, amapereka galimoto yotula antchito usiku, ndipo antchito awo amakhalitsa. Mahotela akuluakulu kawirikawiri amakhala ndi makalata, penshoni ndi mabungwe a ogwira ntchito. Vuto lalikulu lili m'timalo tambirimbiri tomwe tabisala kuseri kwa mipanda ya njerwa, komwe woyendera malo antchito safikako.

Koma funso langa kwa mabwanawa ndi ili: bwanji mtengo wa chipinda umakwera tsiku lomwelo mafuta akakwera, pomwe malipiro a woyala bedi amadikira kuti boma lichite kukukakamizani? Ngati bizinesi ikuyenda pokhapokha wantchito akamagona ndi njala, ndiye kuti amene akuiyendetsa ndi wantchitoyo, osati inu.

Ena amaganiza kuti zoterezi ndi za maiko osauka okha. Ayi ndithu. Ku America kuli kampani yotchedwa Vail Resorts, yomwe ili ndi malo ambiri m'mapiri komwe anthu olemera amakasewera motsetsereka pa chipale chofewa nyengo yozizira. Ntchito yake ndi ya panyengo ngati ya kunyanja kuno kwathu: chipale chikasungunuka, ntchito ya ambiri imatha. Nyumba m'matauni a m'mapiriwo n'zodula moti antchito ambiri amalephera kukhala pafupi ndi pomwe amagwira, monga momwe woperekera zakudya wa mu Area 47 sangathe kuchita lendi mu Area 47.

Nyengo yozizira ya 2021 mpaka 2022, kampaniyi idavutika ndi kuchepa kwa antchito ndipo alendo adadandaula ndi mizere italiitali. Mu Malichi 2022 idalengeza kuti malipiro otsikitsitsa akwera kufika pa madola 20 pa ola. Kenako pa 27 Disembala 2024, antchito pafupifupi 200 oteteza ndi kupulumutsa anthu ovulala m'phiri la Park City, m'dera la Utah, adanyanyala ntchito. Ankafuna kuti malipiro a woyamba kumene achoke pa madola 21 kufika pa madola 23 pa ola. Adasankha nyengo ya tchuthi, pomwe alendo amachuluka. Gawo lalikulu la phirilo lidakhala lotseka, alendo olipira ndalama zambiri adakwiya, ndipo patatha pafupifupi masabata awiri, mu Januwale 2025, kampaniyo idavomera.

Sindikunena kuti madola amenewo tiwayerekeze ndi kwacha, moyo wa kumeneko ndi wina. Phunziro lake n'lakuti phiri lokongola popanda antchito silibweretsa ndalama, chimodzimodzi nyanja yathu. Phunziro lachiwiri n'lakuti anthu aja adapambana chifukwa adali m'bungwe ndipo adalankhula ndi mawu amodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Kuno kwathu bungwe loimira ogwira ntchito m'mahotela ndi m'malo odyera lilipo, pansi pa mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa MCTU, ndipo lamulo la 1996 limapatsa wantchito aliyense ufulu wolowa m'bungwe lotere. Koma ndi angati mwa otsuka mbale a m'maloji athu amene adaonapo nkhope ya mtsogoleri wa bungweli? Atsogoleri a mabungwe asamangoonekera pa 1 Meyi atavala malaya a chikondwerero. Alowe m'timisewu ta Area 47, afike pageti lakumbuyo lija.

Unduna wa zantchito nawonso uchite mbali yake. Kulengeza malipiro atsopano pawailesi sikokwanira ngati palibe wopita kukaona mabuku a malipiro. Ndipo amene amapereka ziphaso kwa malo ogona alendo, poyendera ukhondo wa kukhitchini ndi kuchimbudzi, bwanji osafunsanso makalata a antchito? Boma ndi mabungwe, omwe ndiwo amachititsa misonkhano yambiri m'malo amenewa, angathe kukana kupereka bizinesi kwa amene salemekeza lamulo. Zikatero eni malo angasinthe mofulumira kuposa kuwaopseza ndi chindapusa.

Kwa inu makolo a ku Mponela, ku Mitundu, ku Nsundwe, ku Lizulu ndi madera ena, mwana akakuuzani kuti wapeza ntchito kuhotela m'tauni, sangalalani naye, koma mufunseni mafunso. Kalata wapatsidwa? Amaweruka nthawi yanji, ndipo amayenda bwanji usiku? Polandira malipiro amapatsidwa kapepala kosonyeza zomwe zadulidwa? Muuzeni azilemba m'kope tsiku lililonse nthawi yomwe walowa ndi yomwe watuluka. Kope lotere limadzakhala mboni tsiku la mavuto. Akachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, akadandaule kuofesi ya zantchito ya m'boma lake isanathe miyezi itatu, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita kubwalo loweruza milandu ya zantchito. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nafenso odya m'malo amenewa tili ndi gawo lathu. Ambiri a ife timalandira alawansi pamsonkhano, timadya mpaka kukhuta, koma kusiya kangachepe kwa amene watitumikira timaona ngati n'chizungu. Ena timawaitana ndi likhweru kapena kuwomba m'manja ngati tikuitana mwana. Kangachepe sikalowa m'malo mwa malipiro oyenera, koma ulemu suwononga thumba la munthu.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo amabwera n'kupita, koma wantchito amatsala, ndipo mawa m'mawa ndi yemweyo adzalandire mlendo wina. Msuweni wanga pano akugulitsa mandasi ku Mtandire, mwana ali kumbuyo. Luso lonse lomwe adaphunzira pa zaka ziwiri zija lidapita naye, ndipo pa loji paja adalembapo mtsikana wina wochokera kumudzi, amene naye akumwetulira alendo. Ndikadakonda kudziwa ngati iyeyo kalata adapatsidwa.