Mwera usabalalitse ana

Mwera wa Juni ndi Julayi ukayamba kuwulutsa fumbi kwa Chinsapo ndi kwa Mgona, atsogoleri ena a magulu a ana amangoti aliyense akhale kwawo mpaka kutafunda. Ayi, akuluakulu, chipinda cha Sande sukulu n'chokwanira, bola kukonzekeratu. Okulirapo apatseni bawo, ang'onoang'ono timiyala ta ndado, okonda zopangapanga mawaya ndi zitsekerero za mabotolo apange magalimoto. Agaweni asanuasanu kuti wamanyazi nayenso apeze mpata, ndipo nthano ndi zilape zibwere kumapeto onse atatopa. Tiyi ndi mbatata yophika zisasowe, poti mwana wanjala samva malamulo a masewera. Koma mbaula yamakala isalowe m'chipinda chotseka mawindo, chifukwa mpweya wake umapha munthu asakudziwa. Makolo auzidwiretu kuti ana abwere atavala majuzi.

Wolemba: Mlembi wa ku Kawale