Galimoto ya pa ukwati nayo imafuna seguro yake

Abale anga a m'malire muno, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya mlamu wanga. Wandilola kuti ndiikambe, bola ndisamutchule dzina.

Mlamuyo ali ndi magalimoto awiri. Yoyamba ndi Hilux imene imanyamula kachewere ndi kabichi kuchokera ku Tsangano kupita ku msika wa ku Ulónguè, masiku ena mpaka ku Tete. Imeneyi ndiyo imadyetsa banja, ndipo mapepala ake onse ali m'malo: livrete, inspecção ndi seguro, imene anzathu a ku Malawi amati inshulansi. Yachiwiri anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ndi BMW 325iS, ija anyamata a ku Soweto anaitcha Gusheshe. Galimoto zimenezi zinkapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, kuyambira 1990, ndipo injini yake ndi ya malita 2.7, masilinda 6. Yapitirira zaka 30, koma ikalira pa msewu wa ku Calómuè ana amasiya mpira kuti akaione.

Gusheshe ya mlamu imagona m'shedi, yofunditsidwa lona. Imatuluka pa ukwati, pa Khirisimasi, ndi tsiku limene kachewere wagulitsidwa bwino. Nditamufunsa za seguro yake anandiseka. "Alamu, galimoto yotuluka kasanu pa chaka ndiilipirire chaka chonse? Komanso seguro ndili nayo kale, ya Hilux ija."

Mwezi watha, akuchokera ku ukwati madzulo, anawomba ngolo pokhota. Ng'ombe imodzi inafera pomwepo, ngolo inaphwanyika, mnyamata woyendetsa ngoloyo anathyoka mkono. Tithokoze kuti ali moyo. Ng'ombe, ngolo, chipatala ndi chindapusa cha apolisi, zonsezo mlamu analipira za m'thumba mwake. Ndalama za feteleza wa chaka chino zinathera pamenepo, ndipo Gusheshe ili m'shedi yophwanyika kumaso.

Tsono tiyeni tione pamene mlamu analakwitsa, chifukwa sali yekha.

Choyamba, seguro imatsata galimoto, siitsata mwini wake. Pa pepala la seguro, lija amati apólice, pamalembedwa nambala ya galimoto imodzi. Ya Hilux ndi ya Hilux basi. Lamulo la dziko lathu, Lei n.º 2/2003, limati galimoto yoyenda pa msewu ikhale ndi seguro yolipira anthu ena amene ingawapweteke. Lamulolo siliwerenga kuti galimoto yatuluka kangati. Ndipo taganizani: masiku amene galimoto yotere imatuluka ndi omwe msewu umadzaza ana, njinga, ngolo ndi anthu amene alawako. Iyo imakhala itagona miyezi, matayala atauma ndi kuchita ming'alu, mabuleki atachita dzimbiri, koma injini ikadali ndi liwiro lake lonse.

Chachiwiri, za ku Joni zisiyeni ku Joni. Abale ambiri amati kumeneko ankayenda opanda seguro ndipo wapolisi sankafunsa. N'zoona. Ku South Africa kuli thumba la boma lotchedwa Road Accident Fund, limene ndalama zake zimachokera pa mtengo wa petulo ndi dizilo, ndipo limalipira ovulala pa ngozi za m'misewu ya kumeneko. Thumba limenelo silifika kuno. Mukalowa ndi galimoto ya nambala ya GP pa Cuchamano kapena pa Ressano Garcia mumagula seguro ya pachipata, kawirikawiri ya masiku 30. Masikuwo akatha, pepalalo latha ntchito, ngakhale likhale loyera bwanji m'galimoto. Chimodzimodzi mukafuna kuperekeza mkwatibwi ku Dedza kapena ku Mwanza: funsani ngati seguro yanu imagwira ntchito kutsidya.  Mugule ya ku Malawi pa chipata pomwepo.

Chachitatu, dziwani chimene mukugula. Seguro ya lamulo, ija timati contra terceiros, imalipira mwini ng'ombe, mwini ngolo ndi wovulala, mpaka pa ndalama zimene zalembedwa mu apólice. Galimoto yanu siilipira. Ikabedwa, ikapsa, kapena mukaigwetsera nokha mu ngalande, palibe chimene mudzalandira. Yolipira galimoto yanu ndi ina, ya contra todos os riscos, ndipo ndi yokwera mtengo. Apa mpamene galimoto yakale imavuta. Makampani ena salola kupereka seguro yotere pa galimoto ya zaka zambiri, ena amayamba aiona kaye. Akalola, amayang'ana mtengo wa galimoto pa msika. Kalaliki amene saidziwa Gusheshe angaiwerengere ngati chiphapha cha 1991, pamene ku Joni anthu amailimbirana ndi ndalama zambiri. Choncho mtengo mugwirizane musanalipire, ndipo ulembedwe mu apólice. Jambulani galimotoyo mbali zonse, sungani malisiti a zipangizo. Funsaninso za franquia, ndiye gawo lija mumalipira nokha kampani isanaikepo zake. Musaiwale kuti nyali kapena bampala ya galimoto yotere simudzaipeza ku Ulónguè, idzachokera ku Joni.

Chachinayi, nenani zoona polembetsa. Adzakufunsani kukula kwa injini, amene amayendetsa, ndi ntchito ya galimotoyo. Ngati mwana wanu wa zaka 20 amaitenga Loweruka, nenani. Ngati mumalipiritsa eni ukwati kuti munyamule mkwatibwi, imeneyo ndi ntchito ya malonda, nenaninso. Ngati makaniko anasintha injini, musabise. Bodza limatsitsa mtengo lero, koma tsiku la ngozi kampani idzaligwiritsa ntchito kukukanirani. Werengani bwinonso zimene seguro siilipira. Mpikisano wa liwiro ndi masewera aja ozungulitsa galimoto pa bwalo la mpira mpaka fumbi koboo amakhala m'gulu limeneli. Ndipo woyendetsa akapezeka woledzera kapena wopanda carta, kampani ikhoza kulipira wovulalayo kenaka n'kudzafuna ndalama zake kwa inu.

Sindikunyoza galimoto zakale. Inenso Gusheshe ikadutsa ndimatembenuka. Munthu wavutika ku Joni zaka zambiri, ayenera kusangalala ndi thukuta lake. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Galimoto yachiwiri ndi pakamwa pachiwiri m'nyumba. Musanagule marimu owala, pitani ku kampani imene munalembetsa galimoto yoyamba, mufunse mtengo wa yachiwiri, mufunsenso kwa ena awiri kuti muyerekeze. Ngati ya contra todos os riscos yakukanikani, ya contra terceiros isalephereke. Ngati nayonso yakanika, galimotoyo ikhale pansi pa lona mpaka mudzakolole.

Mlamu wanga chaka chino wabzala kachewere wopanda feteleza wokwanira. Mnyamata wa ngolo uja akadali ndi pulasitala, ndipo munda wa amayi ake walimidwa ndi ng'ombe yobwereka.

Tionane sabata yamawa.