Masewera Opatsana Mpata: Nsolo ndi za pa Foni ku Chongwe

Munthu woyenda pa mseu waukulu wa kum'mawa, wocokera ku Lusaka kulinga ku Chipata, akaima pa boma la Chongwe dzuwa litapendeka angaone magulu awiri a anthu amene akhala cete, maso ali pansi. Gulu loyamba ndi la madoda amene azungulira maenje a nsolo pansi pa mtengo. Gulu laciwiri ndi la anyamata amene aunjikana pakhonde la sitolo, mitu itagundana pa foni imodzi. Madoda aja akaceuka amapukusa mitu, nanena kuti ana a masiku ano atayika. Makolo ambiri m'midzi ya Asoli, ngakhale ku minda ya ku Kanakantapa, afika pogamula kuti sewero liri lonse la pa foni ndi loononga mwana, ndipo mankhwala ake ndi kulanda foniyo basi.

Nkhawa ya makolo imeneyi ndi yomveka, koma cigamulo cao cathamanga. Masewera a pa foni ndi pa kompyuta sali a mtundu umodzi, monganso bowa wa m'chire sali wa mtundu umodzi. Pali wakupha, palinso wa ndiwo. Mai wanzeru sataya dengu lonse, amakhala pansi nasankha.

Coyamba cimene kholo liyenera kudziwa ndi cakuti zambiri zimene zikutha ndalama za m'nyumba pa foni ndi juga. Pali kubecha pa mpira wa ku Ulaya, ndiponso pali kandege kaja kochedwa Aviator, kamene kamakwera m'mwamba pamene ndalama ya munthu ikuoneka ngati ikuculuka, kenaka nkuzimirira mwadzidzidzi pamodzi ndi ndalamayo. Pamenepa palibe nzeru imene munthu angaphunzire, pakuti makina ndi amene amasankha nthawi yakuti kandegeko kathawe, ndipo anakonzedwa kuti mwini wake azipindula. Mnyamata amene wagulitsa thumba la cimanga kapena la makala nkuponya ndalama zake m'menemo afunika kudzudzulidwa kolimba, ndipo apa makolo sakulakwa konse. Palinso masewera othamangitsa magalimoto ndi oomberana mfuti, amene amafuna liwiro la zala cabe. Amenewa satha ndalama ngati juga, koma amatha nthawi, ndipo mwana akacokapo palibe cimene watola.

Mtundu wacitatu ndi umene makolo ambiri saudziwa, ngakhale kuti ndi umene uli pafupi kwambiri ndi zimene iwo eni anakula nazo. Awa ndi masewera a nthano opatsana mpata. Wosewera amatenga malo a munthu wa m'nthano, kapena kagulu ka anthu anai kapena asanu, nayenda nao ulendo wautali m'midzi, m'nkhalango ndi m'mapanga. Akakumana ndi mdani, nkhondo yake siyendera liwiro iai. Zonse zimaima. Wosewera amaganiza, nasankha cimene aliyense wa anthu ake acite: uyu amenye, uyu achinjirize, uyu apereke mankhwala kwa mnzake wovulala. Akatha, mdani nayenso amapatsidwa mpata wake. Mwana angathe kuika foni pansi, kupita kukatsekera mbuzi m'khola, nkubwerera napeza mdani akali kumudikira pomwepo.

Amene amadziwa nsolo aona kale cibale cake. Pa nsolo pali mizere inai ya maenje, iwiri ya uyu ndi iwiri ya mnzake. Munthu amatola miyala ya m'dzenje limodzi nayamba kuigawa umodzi umodzi m'maenje otsatira. Malamulo amasiyana mudzi ndi mudzi, koma m'malo ambiri mwala wotsiriza ukagwera m'dzenje lokhala ndi miyala ina, iye amatola yonseyo napitiriza, ndipo ukagwera m'dzenje lopanda kanthu mkono wake watha, nadya miyala ya mnzake ngati dzenjelo lapenyana nayo. Cotero katswiri wa nsolo satola mwala asanawerenge mumtima kumene ukathere, ndi kumene mnzake adzayambire pambuyo pake. Ndico cifukwa cake nkhalamba imene sinapite kutali ndi sukulu ingathe kugonjetsa mphunzitsi wa masamu masana dzuwa likuswa mtengo, anthu nkumaseka. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa nsolo wopupuluma amadyedwa msanga.

Masewera a nthano opatsana mpata anakula kwambiri ku Japan. M'caka ca 1986 kampani ya Enix inatulutsa Dragon Quest, sewero limene analikonza Yuji Horii, ndipo zithunzi zake anajambula Akira Toriyama, amene anamwalira mu 2024. M'sewero loyambalo munali msilikali mmodzi yekha, woyenera kusunga ndalama pang'onopang'ono kuti agule cida cabwino asanapite kutali ndi mudzi. Amene anathamangira kutali asanakonzeke anali kugonja, nabwezedwa kwa mfumu atataya theka la ndalama zake. Mlimi aliyense amene anabzalapo munda waukulu wopanda feteleza wokwanira adziwa phunziro limeneli. Caka cotsatira, mu 1987, kampani ya Square inatulutsa Final Fantasy, ya Hironobu Sakaguchi, mmene wosewera amasankha anthu anai a maluso osiyana. Akasankha ankhondo okhaokha amasowa womuciritsa, ndipo akasankha ociritsa okhaokha amasowa womenya nkhondo. Masewera awiriwa anakonzedwanso kuti azilowa m'mafoni a masiku ano, ndipo amagulidwa kamodzi kokha.

Lina loyenera kuchulidwa ndi Fire Emblem, limene kampani ya Nintendo inatulutsa mu 1990. Ili ndi louma mtima kuposa anzake, pakuti m'masewera ake oyamba msilikali akafa pankhondo sanali kubweranso mpaka nthano yonse kutha. Mwana wosewera limeneli amaphunzira kusaika mnzake wofooka patsogolo.

Koma limene lingakhudze kwambiri mtima wa munthu wa kumudzi ndi Pokémon, la mu 1996. Mwini nzeru yake, Satoshi Tajiri, ali mwana anali kukonda kugwira tizilombo m'chire ndi m'madambo a kufupi ndi kwao, kunja kwa mzinda wa Tokyo. Pamene anali kukula, malo aja anamangidwa nyumba ndi miseu, ndipo ana obwera pambuyo analibenso kogwira tizilombo. Iye anakonza sewero loti ana a m'tauni azigwira tinyama ta m'nthano pa makina, kutilera ndi kutipikisanitsa mopatsana mpata. Kanyama ka madzi kamagonjetsa ka moto, ka moto kamagonjetsa ka udzu, ka udzu kamagonjetsa ka madzi, motero palibe kamodzi kamene kangapambane tonse, ndipo wopambana ndi amene wasankha bwino. Nkhani imeneyi iyenera kuganiziridwa ku Chongwe, kumene minda ya m'mbali mwa mseu waukulu ndi ya kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ikudulidwa mapuloti caka ndi caka. Mwana wa ku Chongwe akali ndi mwai wogwira ziwala, inswa ndi mbewa ndi manja ake. Cimene ana a ku Japan anacilira mpaka kucipanga pa makina, kuno cikalipo, ngakhale kuti cikucepa.

Masewera amenewa sanathe ndi zaka zakale. Mu 2023 kampani ya Larian Studios ya ku Belgium inatulutsa Baldur's Gate 3, limene linalandira mphotho ya sewero lopambana la caka cimeneco pa mwambo wa The Game Awards. Malamulo ake anacokera ku Dungeons & Dragons, sewero la mu 1974 limene anthu amasewera atakhala pa tebulo, mmodzi akusimba nthano ndipo ena akuyankha zimene anthu ao acite, monga mmene ana amayankhira agogo pa nthano za madzulo. Komabe Baldur's Gate 3 ndi la akuluakulu okha, muli zinthu zosayenera ana, ndipo limafuna kompyuta yamphamvu imene mtengo wake ungagule ng'ombe. Kholo la kumudzi lisavutike nalo.

Pali zodandaula zina zimene siziyenera kubisidwa. Masewera ambiri a mtundu uwu ali ndi za matsenga, mizimu ndi zilombo, ndipo makolo opemphera amaipidwa nazo. Ili ndi funso la banja liri lonse palokha, koma nkwabwino kukumbukira kuti nthano za makolo nazonso ziri ndi zimphona, afiti ndi akalulu olankhula, ndipo palibe mwana amene anasanduka mfiti cifukwa comvera agogo ake. Cinthu coopsa kwenikweni ndi cina. Masewera ena a pa foni amati ndi aulere, koma mwana akalowa pakati amayamba kumuuza kuti alipire kuti atsegule bokosi limene mwina muli msilikali wamphamvu, mwina mulibe. Imeneyo ndi juga imene yabvala malaya a sewero, ndipo popeza ndalama za pa foni zimatumizidwa mosabvuta masiku ano, mai angadzuke m'mawa napeza kuti ndalama ya cigayo yapita. Kholo lisafunse cabe kuti mwana akusewera ciani. Lifunse ngati sewerolo limapempha ndalama kaciwiri, ndipo likhale pansi nkupenya kwa mphindi khumi. Ngati mwana akuima ndi kuganiza, ndi kuwerenga mau a Cingerezi amene akutuluka, pali cimene akupindula. Ngati akungodina mofulumira ndi kupempha ndalama, foniyo ilandidwe.

Ngakhale ziri tero, pa masewera onse opatsana mpata, loyenera Chongwe koposa likali nsolo, ndipo zifukwa zake ndi zooneka ndi maso. Caka ca 2024 ciphunzitse anthu. Mvula itakana, Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala cija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo anthu anali kuyenda ndi mafoni akufa m'matumba kufunafuna wa sola woti awachajire. Masiku amenewo Dragon Quest analibe nchito. Madoda a pansi pa mtengo anapitiriza kudyana miyala monga mwa masiku onse. Ndiponso pa foni mwana amapikisana ndi makina amene sadziwa dzina lake, pamene pa nsolo amakhala maso ndi maso ndi amalume ake, naphunzira kugonja pamaso pa anthu popanda kulira, ndi kupambana popanda kunyoza wamkulu. Oonerera nao amalowerera ndi uphungu, wofunidwa ndi wosafunidwa womwe, ndipo nkhani za mudzi zimakambidwa pomwepo.

Anthu ena amaganiza kuti sewero lokhala pansi silingafikitse munthu kuli konse. Aiwala Amon Simutowe, mwana wa ku Ndola, amene anaphunzira chesi ali wamng'ono ndipo mu 2009 analandira udindo wa Grandmaster, woyamba kuulandira m'maiko a Africa a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara. Chesi nayo ndi yopatsana mpata, ndipo luso lake ndi lomwelo loona patsogolo mikono itatu kapena inai. M'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe muli ana a mitu yotere, koma palibe amene akuwafunafuna.

Colakwa ca madoda ndi cakuti nsolo aisandutsa ya iwo okha. Mwana akayandikira amathamangitsidwa, mtsikana ndiye sayerekeza nkomwe, ndipo pambuyo pake akuluakulu omwewo amadabwa kuti ana athawira ku foni. Mwana amapita kumene walandiridwa. Ngati sewero limeneli lidzafa ku Chongwe, mlandu waukulu udzakhala wa amene anakana kuphunzitsa.

Pali malo awiri amene angakonze zimenezi popanda kudikira ndalama za Boma. Oyamba ndi Chalimbana, kumene kwa zaka zambiri kwaphunzitsidwa aphunzitsi, ndipo tsopano ndi yunivesite. Mphunzitsi wa masamu wocokera kumeneko ayenera kutuluka akudziwa kugwiritsa nchito nsolo pophunzitsa kuwerenga, kuonkhetsa ndi kugawa, pakuti mwana amene waona miyala 9 ikuzungulira maenje 16 wayamba kale kumvetsa za cotsala. Ndipo ophunzira za kompyuta kumeneko ndi ku Lusaka angakonze sewero la nthano lopatsana mpata la m'Cinyanja kapena m'Cisoli, la Kalulu ndi Fisi, popeza ku Cameroon kampani ya Kiro'o Games inatulutsa kale sewero la nthano za ku Africa, Aurion, mu 2016. Malo aciwiri ndi mwambo wa Chakwela Makumbi, umene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera caka ndi caka popempha mvula nyengo yobzala isanafike. Pa mwambo umenewo pamasonkhana midzi yambiri, ndipo sipangakhale pobvuta kupatula mthunzi umodzi wa mpikisano wa nsolo wa ana a sukulu, anyamata ndi atsikana, nduna za midzi zikuweruza.

Mphunzitsi wamkulu amene afuna kuyamba Lolemba likudzali afunika khasu limodzi, malo ouma kuseri kwa kalasi, maenje 32 m'mizere inai, miyala 64 ya kumtsinje, ndi mdala mmodzi wa m'mudzi wolola kubwera sukulu ikaweruka kudzaonetsa ana kutola kwake.