Maola oyamba ndiwo angapulumutse makanda obadwa ndi zilema zofuna opaleshoni

LILONGWE — Mwana akabadwa matumbo ali panja, kapena wopanda potulukira chimbudzi, pa chipatala chaching'ono cha Kawale kapena cha Area 25, moyo wake umadalira kwambiri chisamaliro chomwe alandire asanafike pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central.

Kafukufuku wa Global PaedSurg, yemwe zotsatira zake zidatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2021, adatsata ana 3,849 obadwa ndi zilema za m'njira ya chakudya m'zipatala 264 za m'maiko 74. M'maiko osauka, ana pafupifupi 40 mwa 100 alionse adamwalira, pomwe m'maiko olemera omwalira sadakwane 6 mwa 100.

Ofufuzawo adapeza kuti imfa zimachuluka mwana akafika kuchipatala tizilombo titalowa kale m'magazi, komanso pakasowa makina othandizira kupuma ndi chakudya chodzera m'mitsempha. Izi zikusonyeza kuti luso la dokotala wa opaleshoni palokha silokwanira.

Dziko lino lachitapo kanthu. M'chaka cha 2016 mudayamba kalembera wa zilema zooneka pa makanda, yemwe adafika m'zipatala zinayi, kuphatikizapo cha Bwaila, ndipo m'chaka cha 2017 chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James chidatsegulidwa mumzinda wa Blantyre.

Komabe mwana wa ku Chinsapo kapena kwa Mgona sayambira kumeneko. Amayambira m'manja mwa namwino yemwe ayenera kuzindikira chilemacho, kuphimba matumbo, kufunditsa mwana, kumuika diripi ndi kupeza ambulansi nthawi yomweyo. Banja likayamba laganiza za ufiti n'kumubisa mwana, maola ofunikawo amatayika.

Zilema zina n'zopeweka. Mchere wa m'thupi wa folic acid umachepetsa chilema cha msana wotseguka, koma uyenera kumwedwa mayi asanaime, popeza msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyamba a pathupi. Amayi ambiri amayamba sikelo nthawiyi itadutsa, ndipo ufa wogayitsa kuchigayo cha m'dera sukhala wowonjezeredwa michereyi.

Choncho pokonza bajeti, akuluakulu a zaumoyo m'boma la Lilongwe akuyenera kuikapo mtima pa maphunziro a anamwino, mafuta a ambulansi ndi kaundula wosonyeza mwana aliyense wotumizidwa, nthawi yomwe adafika komanso momwe zidamuthera. Popanda kaundula wotere, boma silingadziwe pomwe ana akutayikira.