Injini ikafa ndi ya tonse, ikamayenda ndi ya bwana

Amwene, wina walemba dzulo kuti alovi ndi osauka chifukwa cha ulesi ndi mowa. Ine ndakana, ndipo ndikanabe mpaka mawa.

Ine ndimakonza mainjini a maboti. Bambo anga akalamba akukoka chilimira cha eni ake, mpaka lero alibe ngakhale bwato lawolawo. Munthu wolowa m'madzi dzuwa likulowa, n'kutuluka m'bandakucha manja ali matuza okhaokha, mwera utamumenya usiku wonse, ameneyo mukuti waulesi? Ulesi wake uti?

Sabata yathayi ndinakonza Yamaha ya bwana wina, dzina ndisunga. Ndalama ya sipeya ndi ya ntchito yanga anaichotsa pa nsomba asanagawe, monga amachotsera ya mafuta. Zotsalazo theka lake yekha, theka linalo anthu naini. Ndalamayo ndinalandira, sindinama, koma nsima sinatsike bwino tsiku limenelo.

Zimenezi sizinayambire pagombe pathu. Karl Marx, Mjeremani amene anatulutsa buku la Das Kapital mu 1867, anaziona m'mafakitale a ku England. Kwa iye anthu amagawika pa funso limodzi: kodi zida zopangira chuma ndi zako, kapena uli ndi mphamvu za m'thupi zokha zoti ugulitse? Wantchito amapanga zoposa zimene amalandira, ndipo zapamwambazo zimatsala m'thumba la mwini zida. Kuno zidazo ndi boti, ukonde ndi injini basi. Ndiye chifukwa chake bwana amagula boti lachiwiri ndi usipa umene sanaukoke, pomwe mlovi akugula sopo pangongole.

Muti bwana anavutika kuti apeze injini, ndipo ukonde ukatayika amalira yekha. Zoona zimenezo. Nanga boti likagubuduka pakati pa nyanja? Bwana wataya katundu, mlovi wataya moyo, mkazi wake chipepeso ndi thumba la ufa.

Max Weber, Mjeremani mnzake amene anamwalira mu 1920, anaona kuti nkhani si zida zokha. Luso nalo lili ndi mtengo pamsika. Siginala amalandira zoposa anzake chifukwa amadziwa pomwe usipa wasonkhana, ndipo inenso sipanala yanga imandikweza pang'ono, ndisabise. Anawonjezanso ulemu ndi mphamvu. Taonani pamaliro, mpando amapatsa ndani, pansi amakhala ndani? Pamsonkhano wa pagombe, mawu omaliza amakhala a yani?

Ena amakonda za Émile Durkheim, Mfalansa uja, amene mu 1893 analemba kuti kugawana ntchito kumalunzanitsa anthu chifukwa aliyense amadalira mnzake. Ndiye amati khalani chete, tonse ndife thupi limodzi. Aise, muwerengeni mpaka kumapeto. Yemweyo anadandaula kuti ena amabadwira m'chuma ena m'umphawi, moti mgwirizano wa anthu otere sukhala wachilungamo. Mwana wa bwana amalandira boti asanaphunzire n'kusambira komwe. Ine ndinalekeza Folomu 4, fizi yake inachokera m'matuza a bambo.

Mowa ulipo, sindikukana. Koma ndikudziwa alovi osalawa n'dontho lomwe, nawonso denga likudontha.

Kuyambira lero, ndikakonza injini risiti ndiziwerenga mokweza pamaso pa alovi onse, sipeya zakuti, ntchito zakuti. Bwana amene sakufuna zimenezo akapeze makaniko wina.