ZA ABALE ATHU ODWALA MISALA, NDI CHIFUKWA CHAKE AYAMBIRA KUNDENDE ASANAFIKE KUCHIPATALA

Kwa mamembala onse a bungwe lathu, a kuno ku Thuchila ndi a m'midzi yotizinga, mafumu, aphunzitsi, akulu a mipingo ndi a mizikiti, amai ndi abambo.

Pa msonkhano wathu wapitao, nkhani ya mlatho ndi ya mbeu zitatha, mai wina wachikulire anaimirira kumbuyo, napempha a Pampando kuti amlole kunena mau pang'ono. Anati mdzukulu wake, mnyamata amene ambiri a ife tamuona alikukula, anayamba kusokonezeka maganizo, wosagona usiku, wolankhula yekha. Ndipo tsiku lina anagubuduza mabenchi a malonda pamsika, naswa zenera la sitolo. Anthu anamgwira, nammenya, nampereka kwa apolisi, ndipo anagona m'chitokosi masiku ambiri wosaonedwa ndi dotolo kapena namwino. Atatuluka, abale ake, posowa ndalama ya galimoto, anammanga ndi unyolo pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo ali pomwepo kufikira lero. Mai uja sanapemphe ndalama. Anangofunsa kuti, "Kodi mwana ameneyu analakwa chiani?" Dzuwa linali litapendeka, ndipo tinabalalika osamyankha. Chifukwa chake taiika nkhaniyi poyamba pa mndandanda wa Loweruka likudzali, ndipo tilemba mau awa kuti mamembala abwere ataiganizira.

Njira imene anayenda mnyamatayo, kuchokera pamsika kunka kuchitokosi, sinalambulidwe dzulo iai. M'chaka cha 1910 Boma la Nyasaland linatsegula nyumba ya amisala ku Zomba, ndipo nyumbayo inali chigawo cha Ndende Yaikulu. Oyang'anira ake anali asilikali a ndende, mwini wake anali mkulu wa ndende, ndipo munthu analowamo podzera kwa woweruza milandu. Madotolo analikufika kudzaona zilonda ndi malungo, koma ntchito ya nyumbayo inali kutsekera. Zinakhala chomwecho zaka 41, kufikira m'chaka cha 1951 pamene odwalao anaperekedwa m'manja mwa a zachipatala, ndipo chipatala chatsopano cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Azungu odwala nthenda yomweyo sanaikidwe m'nyumba ya kundende ija. Iwo analikutumizidwa kum'mwera kapena kwao kutsidya la nyanja. Ndipo kumene mitundu iwiriyi inakomana pa malo amodzi, monga ku Ingutsheni ku Bulawayo, kumene kunatsegulidwa mu 1908, nyumba zogona ndi zakudya zinali zosiyana monga mwa khungu, ndipo ntchito yolemetsa ya pamalopo inagwa pa odwala akuda.

Koma chimene chitiwawa koposa ndicho nzeru imene anthu ophunzira anaiveka chinthu ichi. M'chaka cha 1936 madotolo awiri a Boma, H. M. Shelley ndi W. H. Watson, anasindikiza zimene anapeza atafufuza odwala a m'nyumba ya ku Zomba. Anaona kuti mwa odwalao munali ambiri amene anapitako kusukulu kapena anagwira ntchito kwa Azungu, ndi kuti ena analikubwebweta za chuma ndi ulemerero wa Chizungu. Ndipo anatsimikiza kuti kukhudzana ndi maphunziro ndi makhalidwe a Azungu ndiko kulikusokoneza mitu ya anthu akuda. Taonani m'mene mau otere analikukomera iwo amene sanafune kuti sukulu zathu zipitirire makalasi oyamba! Ife tiyankha motere. Ndani analikutengedwa kunka ku Zomba? Wodwala wa kumudzi wakutali analikusungidwa ndi eni mbumba, ndipo Bwana Disi sanamve dzina lake. Koma kalaliki, kapitao wa m'munda wa tiyi, mphunzitsi, kuki, iwo amene anakhala pafupi ndi boma ndi makhonde a Azungu, akangoyamba kulongolola, mawa lake anali pamaso pa woweruza. Madotolo aja anawerenga nsomba za m'mono mwao, nayesa kuti awerenga nsomba za mumtsinje wonse. Ndiponso munthu wokhoma msonkho, wolima thangata pa dziko limene makolo ake analima mwaufulu, woletsedwa kuvala chipewa pamaso pa Mzungu, akasokonezeka nayamba kunena kuti iye ndiye Bwana Mkubwa, kodi tifunikira buku kuti tidziwe kumene malotowo achokera?

Nzeru imeneyi sinathere ku Zomba. J. C. Carothers, amene anayang'anira chipatala cha Mathari ku Nairobi, analemba kuti munthu wakuda wabwinobwino afanana m'maganizo ndi Mzungu amene madotolo anamdula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo. Ndipo mu 1953 bungwe la World Health Organization linasindikiza buku lake la maganizo a anthu a mu Africa. Chaka chotsatira Boma la Kenya linamuitana kuti afotokoze za Mau Mau, ndipo iye anapeza gwero la nkhondoyo m'mitima yosakhazikika ya Akikuyu koposa m'minda imene analandidwa. Zaka zoposa 100 m'mbuyo mwake, mu 1851, dotolo wina wa ku America, Samuel Cartwright, anali atatcha kale kuthawa kwa akapolo nthenda ya m'mutu. Munthu wakuda akakana goli, panapezeka dotolo wonena kuti wadwala. Akadwaladi, panapezeka msilikali wonena kuti wapalamula.

Nanga madotolo a mtundu wathu, amene akadatsutsa zimenezi, anali kuti? Daniel Malekebu anatsiriza maphunziro a udotolo ku Meharry mu 1917, koma pofuna kubwera kwao anatsekerezedwa, pakuti Boma linali likumbukirabe John Chilembwe. Analoledwa mu 1926, natsegulanso mishoni ya ku Mbombwe, kwa anansi athu a ku Chiradzulu. Hastings Banda anatsiriza ku Meharry komweko mu 1937 ndi ku Edinburgh mu 1941, koma sanapatsidwe malo olingana ndi madotolo achizungu m'dziko lake, nakachiritsa Angerezi ku Liverpool ndi ku London. Ndipo pa Zomba pomwepo panali chipatala cha Azungu pachokha, ndi cha anthu akuda pachokha.

Tsono wina adzati, "Zimenezo ndi zakale, mbendera inasintha mu 1964." Inde inasintha, koma mabuku a malamulo sanasinthe tsiku lomwelo. Lamulo la kasungidwe ka odwala misala limene linalembedwa mu 1948 linakhala likugwira ntchito zaka zoposa 70. Lamulo la milandu la 1930 linati munthu woyesa kudzipha wapalamula. Angerezi eni ake anafafaniza mlandu umenewu kwao mu 1961, koma makhoti athu anali kuweruzabe anthu pa mlanduwo ngakhale m'zaka za m'ma 2020, kotero kuti munthu wopulumuka pa chingwe analandiridwa ndi unyolo. Lamulo la vakabu, limene apolisi analikusesera nalo osauka ndi osokonezeka opezeka pamseu usiku, linadikira kufikira mu 2017 kuti khoti lalikulu ligwetse ndime yake imodzi, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anagwidwa m'bandakucha alikunka ku malonda ake. Ndipo za ndende zimene wodwala aponyedwamo, khoti linanena mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kwa akaidi ndi nkhanza yosayenera munthu, nililamula Boma kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka pa miyezi 18. Aliyense amene anapitako kukazonda mbale wake kundende angatiuze ngati munthu womva mau m'mutu mwake angachire m'chipinda chimene anthu agona chokhala.

Tsankho la khungu linachoka m'zipata za zipatala, koma mpando wake sunakhale wopanda munthu. Panakhala tsankho la thumba. Mwana wa munthu wachuma wa ku Blantyre akasokonezeka, anenedwa kuti watopa ndi maphunziro, nakwezedwa galimoto kunka kwa dotolo wolipira. Mwana wa wothyola tiyi akadwala nthenda yomweyo, anenedwa kuti wasuta chamba, nakwezedwa galimoto ya apolisi. M'dziko la anthu oposa 17 miliyoni monga mwa kalembera wa 2018, madotolo akulu a nthendayi ali owerengeka, ndipo zipatala zake zenizeni zili ku Zomba ndi kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndipo tisayese kuti boma la anthu akuda silingataye odwala ake: ku Gauteng, kumene ana athu ambiri agwira ntchito, odwala misala 144 anamwalira atachotsedwa m'zipatala za Life Esidimeni mu 2016 ndi kutayidwa m'nyumba zosayenera, ena a iwo ndi njala ndi ludzu, chifukwa akulu anafuna kupulumutsa ndalama.

Apa tiyenera kunena mau owawa kwa ife tokha. Unyolo wa pa mtengo wa mango uja sanaumange Mzungu. Makolo athu analikuika wamisala waukali m'goli, mtengo womwewo wa mphanda umene ogula akapolo anamangira nao anthu pa ulendo wa kunyanja. Ndipo ife tasintha goli kukhala unyolo wa njinga ndi loko. Sitidzudzula banja lija, pakuti mai wokalamba sangathe kugwira mnyamata wamphamvu, ndipo aopa kuti angagwe m'moto kapena mu mtsinje wa Thuchila. Tidzudzula ife amene tinali pamsika tsiku lija, amene tinapeza ndodo msanga koma ndalama ya galimoto sitinaipeze. Tidzudzula ana athu oponya miyala, ndi ife amene tiseka. Tithawa wa khunyu akagwa, poyesa kuti thovu lake lipatsirana, chinthu chimene sichili choona konse. Ndipo tithamangira kunena za ufiti ndi zizimba za malonda, osakumbukira kuti malungo aakulu, kachasu, kubala mwana kumene, ndi chisoni chachikulu, zonsezi zitha kusokoneza munthu. Chichokere namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri monga napolo wa ku Phalombe wa 1991, alipo pakati pathu amene sagona mvula ikayamba kugunda pa malata, ndipo sauza munthu.

Pali chitsanzo chimodzi chimene tifuna mamembala achidziwe. M'chaka cha 1954 dotolo wa ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo, yemwe anatsutsa poyera zolemba za Carothers, anayamba njira yatsopano pa Aro, pafupi ndi Abeokuta. Anapangana ndi mafumu a midzi yoyandikana ndi chipatala kuti odwala agone m'midzimo, aliyense ndi mbale wake womsunga, nalandira mankhwala usana kuchipatala. Ndipo sananyoze asing'anga a m'midzi, koma anagwira nao ntchito. Munthu ameneyu pambuyo pake anakhala wachiwiri kwa mkulu wa World Health Organization, bungwe lomwe lija linasindikiza buku lonyoza ubongo wa anthu a mtundu wake. Chimene Lambo anagwiritsa ntchito, ndicho mudzi ndi mbumba, ife tili nacho kale.

Chifukwa chake Komiti idzaika pamaso panu mau awa. Tilembe kalata kwa akulu a zaumoyo a boma lathu la Mulanje, kufunsa masiku amene namwino wa nthenda za maganizo afika ku zipatala zazing'ono, kuti tiwalengeze m'mipingo, m'mizikiti ndi pa maliro. Pakuti mankhwala a nthendazi afuna kumwedwa kosalekeza, ndipo wodwala akadukiza nthenda itha kubwerera. Tilembenso kwa akulu a polisi, mwaulemu, kupempha kuti munthu wogwidwa ali wosokonezeka aonedwe ndi a chipatala tsiku lomwelo, ndi kuti mmodzi wa ife aitanidwe kukhala mboni. Ndipo patsegulidwe thumba la galimoto, losungidwa ndi Msungichuma pamodzi ndi amai awiri osankhidwa ndi msonkhano. Ena a Komiti atsutsa za thumbali, nati ndalama za bungwe zinasonkhedwa chifukwa cha mlatho. Mau ao ali ndi kulemera kwake, ndipo adzapatsidwa nthawi yowanena.

Tipempha mafumu kuti abwere atawerenga, osatchula maina, anthu omangidwa kapena otsekeredwa m'nyumba m'midzi mwao. Mai uja walonjeza kuti adzabweranso, ndipo a Pampando alamula kuti akhale kutsogolo. Msonkhano udzayamba 2 koloko masana. Amene ali ndi ngongole ya chopereka cha mwezi watha abwere nayo.

Mkonzi